Vidiyo yakana kutseguka kumudzi: HandBrake, VLC, Shutter Encoder kapena FFmpeg?

Ambirife kuno ku Johannesburg vuto la vidiyo limatipeza pawiri. Pena fayilo yakula moti pa WhatsApp sikupita, ndipo ngakhale itapita, wa ku Mangochi kapena ku Mzimba bandulo ya TNM kapena Airtel imuthera akwati asanalowe n'komwe m'tchalitchi. Pena fulashi yafika bwinobwino ndi munthu amene anakwera basi pa Park Station, koma TV ikukana fayiloyo, kapena chithunzi chikuoneka mawu osamveka. Awa ndi mavuto awiri osiyana, ndipo pa mapulogalamu aulere amene timauzana m'magulu mwathumu, iliyonse ili ndi pothera pake. Amene amati "ingoikani HandBrake basi" sanama, koma sanamalize.

Zilembo za kumapeto kwa dzina la fayilo, kaya .mp4, .mkv, .mov kapena .avi, zili ngati chikwama cha katundu wopita kumudzi: mumaona chikwamacho, koma zomwe alongedzamo simuziona. M'katimo muli chithunzi ndi mawu, chilichonse chopanikizidwa mwa njira yake, imene amaitcha codec. Ya chithunzi yodziwika kwambiri ndi H.264, ya mu 2003, ndipo pafupifupi foni ndi TV iliyonse ya masiku ano imaiwerenga. Pali H.265, imene ena amati HEVC, ya mu 2013, imene imapanikiza kwambiri koma zipangizo zakale siziidziwa. Ma iPhone anayamba kujambula mu HEVC mu 2017, ndipo mavidiyo ambiri okana pa TV ndi pa makompyuta akale gwero lake ndi limenelo. Choncho mafayilo awiri atha kukhala a .mp4 onse, ina n'kutseguka, inzake n'kukana.

VLC, ija ya chizindikiro cha koni ya pamsewu, laputopu zambiri zili nayo kale. Inayamba ngati ntchito ya ophunzira a pa École Centrale ku Paris mu 1996, ndipo lero amaiyang'anira ndi a bungwe la VideoLAN. Kuonetsa vidiyo imatha, ngakhale fayilo imene ena onse aikana. Kusintha nakonso imayesa: mupite pa Media, kenaka Convert / Save. Koma pamenepa ine sindimaidalira. Chosankha chimene chimabwera koyamba chimaika mawu a MP3 m'kati mwa MP4, pamene zipangizo zina zimafuna codec ina ya mawu yotchedwa AAC, ndiye mutha kudikira nthawi yonseyo n'kutulutsa fayilo yosalankhula pa TV. Kuti muchepetse kukula kwa fayilo muyenera kulowa m'kati n'kulemba manambala nokha, ndipo sikuthandizani kudziwa ngati mwalemba olondola. Ya pa foni ya Android ndi yoonera basi. Phindu lalikulu la VLC pa nkhani ino lili pena: tsegulani vidiyoyo, dinani Ctrl ndi J, ikuuzani codec ya chithunzi ndi ya mawu. Musanayambe chilichonse onani pamenepo, chifukwa yankho lake ndi limene lisankhe pulogalamu.

Ngati vuto ndi kukula kwa fayilo, kapena m'katimo muli HEVC yofunika kuisandutsa H.264, HandBrake ndiye mwini ntchito. Anaiyambitsa ndi Eric Petit mu 2003, ndipo 1.0 yake inatuluka mu Disembala 2016, anthu osiyanasiyana atakhala akuikonza zaka 13. Ilipo ya Windows, Mac ndi Linux. Ya foni kulibe, ndiye mukaona ina yotchedwa dzina lomwelo pa foni dziwani kuti si ya eni ake. Muitenge pa handbrake.fr penipenipo, osati pa masamba ongoisonkhanitsa.

Ubwino wake ndi woti zambiri anakuganizirani kale. Mukaikamo vidiyo, sankhani Fast 720p30, dinani Start, mupeza MP4 ya H.264 ndi AAC imene TV zambiri zimalandira. Makamera ena a ojambula maukwati amatulutsa mafayilo a .MTS amene pa kompyuta amaoneka ndi timizere munthu akamavina. HandBrake imazindikira yokha n'kuchotsa timizereto. Ili ndi mzere wodikira, Queue, moti mavidiyo onse a chinkhoswe mutha kuwaika usiku n'kukagona. Mukachonga Web Optimized, vidiyo ikaikidwa pa intaneti imayamba kuoneka isanamalize kutsika.

Chofunika kuchimvetsa ndi nambala ya RF, pa tsamba la Video. Imayenda chobwerera: nambala ikakwera, fayilo imachepa ndipo chithunzi chimayamba kufooka. Pa H.264, mukakweza ndi 6 fayilo imatsika pafupifupi ndi theka. Ya pa TV, 22 ndi yabwino. Ya oonera pa foni, 26 mpaka 28 pa 480p (chithunzi chaching'ono kuposa cha 720p) imakwana, ndipo palibe amene adzadandaule kuti nkhope ya mkwatibwi sinaoneke. Koma RF sikuuzani kuti fayilo ituluka yaikulu bwanji. Ulaliki wa abusa ataima malo amodzi umatuluka waung'ono. Beni kapena kwaya yovina, kamera ikugwedezeka, imatuluka yaikulu pa nambala yomweyo. Ndipo HandBrake ilibe polembapo kuti "ndikufuna 500 MB".

Apa pamafunika kasamu pang'ono. Bitrate ndi kuchuluka kwa deta imene vidiyo imadya pa sekondi, ndipo ya 1000 kbps imadya 7.5 MB pa mphindi, kutanthauza 450 MB pa ola. Kuyambira mu 2022 WhatsApp imalola fayilo yofika 2 GB mukaitumiza ngati document, ndipo ikapita motero siipanikizanso. Mwambo wa maola awiri mukauika pa 1500 kbps, mawu pa 128, utuluka pafupifupi 1.5 GB, ndipo upita. Kaya wolandirayo akwanitsa bandulo ya 1.5 GB, imeneyo ndi nkhani ina. Pa 700 kbps ndi 480p mwambo womwewo ukhala cha m'ma 700 MB. Mu HandBrake manambalawa mumalemba pa Avg Bitrate m'malo mwa RF.

Za H.265 ndi codec ina yatsopano ya AV1, zimene HandBrake ilinso nazo, ndinene mwachidule: fayilo imachepadi, koma laputopu yakale imatenga nthawi yaitali, ndipo TV ya kumudzi ikaikana mwagwira ntchito pachabe. Ya kusunga nokha, chabwino. Yotumiza kwa anthu amene simukudziwa aonera pa chiyani, H.264.

Tsono pomwe HandBrake imathera ndi apa. Chilichonse mungaikemo, chithunzi imachiphwasula n'kuchipanikizanso. Ilibe njira yongosamutsa chithunzi kuchoka m'chikwama china kupita m'china. Tinene kuti VLC yakuuzani kuti fayilo yanu ya .mkv kapena .mov m'kati muli kale H.264 ndi AAC, TV ikungokana mtundu wa fayilo. Ntchito imeneyo ndi ya masekondi, yosataya ubwino wa chithunzi ngakhale pang'ono. HandBrake idzakudikiritsani ola kapena kuposa, laputopu itatentha, n'kukupatsani chithunzi chotsikirapo kusiyana ndi chimene munali nacho. Chachiwiri, AVI siitulutsa. Anaichotsamo mu 2009 pamodzi ndi codec yakale ya Xvid. Kwa a ku Ulaya imeneyo si nkhani, koma kwathu ma DVD player okhala ndi polowetsa fulashi akadali m'nyumba zambiri, ndipo ambiri mwa iwo amawerenga AVI ya Xvid kapena DivX ya chithunzi chosapitirira timadontho 720 m'mbali ndi 576 m'litali, MP4 ya H.264 ayi.

Mipata iwiri imeneyi amaitseka ndi Shutter Encoder, imene ndikuona kuti anthu akwathu ambiri sanaimvepo. Anailemba ndi Paul Pacifico wa ku France, ndi yaulere, amangopempha chopereka kwa ofuna. Maonekedwe ake poyamba amasokoneza: zenera lakuda, mndandanda wautali wa ntchito, mayina ambiri a akatswiri okonza mafilimu monga ProRes ndi DNxHD amene inu ndi ine sitiwafuna. Koma mumndandanda momwemo muli Rewrap, yosamutsa chithunzi ndi mawu kupita mu MP4 osazikhudza. Muli Cut without re-encoding, yodula mbali imene wojambula anaiwala kamera ikujambula nsapato za anthu. Muli Xvid ya ma DVD player aja. Ndipo mukasankha H.264 imakulolani kulemba kukula kwa fayilo kumene mukufuna, bitrate n'kuwerengera yokha. Pa kuchepetsa fayilo mwamsanga osaganiza zambiri HandBrake ndi yosavutabe. Pa zina zonsezi Shutter Encoder ili patsogolo. Ngati mumangofuna kudula basi, pali LosslessCut, yaing'ono, yochita chimodzi chomwecho.

Pansi pa onsewa pali FFmpeg. Anaiyambitsa ndi Fabrice Bellard mu 2000, ndipo VLC, HandBrake ndi Shutter Encoder onse amadalira zida zake. Yokha ilibe mabatani. Mumalemba malamulo pa zenera lakuda, ndipo ambiri amathawira pomwepo. Komatu malamulo ofunika kwa ife sakwana ndi asanu omwe. Kusamutsa kuja ndi uku:

ffmpeg -i ukwati.mkv -c copy ukwati.mp4

Kuchepetsa kukhala 720p ya H.264:

ffmpeg -i ukwati.mov -vf scale=-2:720 -c:v libx264 -crf 24 -c:a aac -b:a 128k ukwati.mp4

Nambala ya crf imagwira ntchito ngati RF ija. Pali ntchito ina imene imapezeka kawirikawiri: chithunzi chili bwino koma mawu ali mu AC3 kapena DTS, TV siikuwatulutsa. Mukalemba -c:v copy -c:a aac, chithunzi chimadutsa osakhudzidwa, mawu okha ndiwo amasinthidwa, ndipo filimu yonse imatha m'mphindi zochepa. Ya DVD player ndi iyi:

ffmpeg -i ukwati.mp4 -vf scale=720:-2 -c:v mpeg4 -vtag xvid -q:v 4 -c:a libmp3lame -b:a 128k ukwati.avi

Lamulo lomalizali ndi la vidiyo yojambulidwa foni itagona. Yojambula foni itaima ituluka yaitali kuposa 576, DVD player n'kuikana, ndiye pamenepo lembani scale=-2:576. Kuipa kwa FFmpeg n'koti mukaphonya chilembo chimodzi imakulavulirani uthenga wa Chingerezi chovuta. Koma pa anayiwa ndi yokhayo imene munthu wopanda laputopu angasinthire nayo vidiyo, ndipo ambiri mwa abale athu a ku Diepsloot, Rosettenville kapena Mayfair chomwe ali nacho ndi foni. Pa Android mukaika Termux, pulogalamu yolemberamo malamulo, n'kulembamo pkg install ffmpeg, malamulo omwewa amagwira. Kusamutsa kumathamanga ngakhale pa foni yotsika mtengo. Kupanikiza vidiyo yaitali kumatenthetsa foni n'kumaliza batire, ndiye ikhale pa chaja.

Masamba a pa intaneti osinthira mavidiyo ndiwatchule chifukwa ndi amene Google imakuonetsani koyamba. Kuti akusinthireni muyenera kukweza fayilo yonse yaikuluyo, kenaka n'kutsitsanso yatsopano, deta ya Vodacom kapena MTN ikupita kawiri. Aulere ambiri amaika malire a kukula kwa fayilo, ndipo vidiyo ya maliro a mayi anu mwaipereka kwa anthu osawadziwa. Mu Malichi 2025 ofesi ya FBI ya ku Denver inachenjeza kuti masamba ena otere amabweza fayilo yokhala ndi mavairasi oba zinsinsi za anthu. Kakanema ka mphindi imodzi kosafunika kwenikweni, muli pa Wi-Fi ya kuntchito, mwina. Kuposa apo ayi. Chimodzimodzi mapulogalamu ena odzitcha aulere amene mukamaliza mumapeza asindikiza dzina lawo pakati pa chithunzi, akuti mulipire kuti alichotse. Anayi tatchulawa palibe imene imachita zimenezo.

Magetsi nawo ali ndi mbali yake. Kaya ndi load shedding ya Eskom kapena mawaya abedwa m'dera lanu, kompyuta ikazima pakati pa ntchito palibe mwa mapulogalamuwa imene imapitiriza pomwe inalekera, ndipo MP4 yosamalizidwa kawirikawiri sitseguka. Ngati kompyuta yanu ndi yopanda batire, vidiyo yaitali idulenitu zidutswa za theka la ola, muziike pa mzere. Magetsi akathima mutaya chidutswa chimodzi. Laputopu zambiri zili ndi njira yothamangitsira ntchito, imene mu HandBrake imaoneka ngati Intel QSV kapena NVENC. Imathamanga kwambiri, kungoti pa ubwino wofanana wa chithunzi fayilo imatuluka yokulirapo. Ya pa fulashi palibe vuto. Ya pa bandulo, pirirani ndi H.264 wamba, ya x264.

Kudula zidutswa kumathandizanso pa fulashi yeniyeniyo. TV ndi ma DVD player akale ambiri amawerenga fulashi ya FAT32 yokha, ndipo FAT32 siilandira fayilo imodzi yoposa 4 GB ngakhale fulashiyo ikhale ya 64 GB. Mukaisintha kukhala exFAT fayilo ilowa, koma TV itha kukana fulashi yonse. Ndiye fayilo iliyonse ikhale yosafika 4 GB, ndipo fayilo yoyamba ija, yochokera m'kamera, musaifufute, chifukwa yopanikizidwa sibwereranso mwakale.

Pa laputopu yanga pali HandBrake ndi Shutter Encoder, VLC ndi yoonera ndi kufufuzira codec. Amene saopa kulemba, FFmpeg yokha imukwanira. Koma musanawononge usiku wonse pa mwambo wa maola atatu, sinthani kaye mphindi imodzi, muitumize ngati document kwa wachinyamata wa pakhomopo, aiike pa fulashi n'kuyesa pa TV kapena DVD player yomweyo imene achikulire adzaonerepo. Akakuuzani kuti chithunzi ndi mawu zonse zatuluka, yambani yonseyo ndi manambala omwewo.