Kosi ya zisudzo ya Loweruka mtauni: ndapindula nayo, koma gule wathu anamusiya panja

Ndangomaliza masabata 10 a kosi ya zisudzo imene imachitika Loweruka lililonse mu holo ina kufupi ndi mtauni muno mu Harare, ndiye poti anzanga angapo a ku Mabvuku akhala akundifunsa kuti kodi ndi yaphindu kapena n'kungotaya madola, ndati ndingolemba kamodzi aliyense awerenge yekha.

Ine zisudzo ndinayambira kutchalitchi, timasewero ta Khirisimasi ndi ta achinyamata, ndipo ndinkaganiza kuti luso lonse ndi kukweza mawu ndi kuseketsa anthu basi. Kosiyi anaigawa pawiri, m'mawa kuyambira 9 koloko mumakhala pansi kuphunzira mbiri ya zisudzo ndi maganizo a akatswiri, masana mumavula nsapato n'kukwera pa siteji kukayesa zomwe mwamva zija. Kusakaniza kumeneku ndi komwe kwandigwira mtima ndipo ndalama yanga sindikuidandaula.

Tsiku lomwe tinaphunzira za Stanislavski wa ku Russia, yemwe ankati wosewera adzifunse kuti ndikanakhala ine pamenepa ndikanatani, masana ake aphunzitsi anandipatsa chidebe chopanda kanthu ati ndidutse nacho pa siteji ngati muli madzi malita 20. Ndinadutsa ndikubuula, nkhope nditaikwinya. Iwo anangoti, "Achimwene, chidebe chanucho mulibe madzi, bwererani." Katatu konse. Kachinayi ndi pomwe ndinakumbukira mmene ndimachokera ku mjigo m'mawa, phewa limodzi litatsika, dzanja linalo litatambasuka kumbali, kuyenda timasitepe tating'ono kuopa kudzithira m'miyendo, ndipo holo yonse inangoti zii. Sindinabuule ngakhale kamodzi.

Za Augusto Boal wa ku Brazil ndiye zinandipatsa maganizo mpaka mu kombi pobwerera. Iyeyu ankati woonera asamangokhala phee, aziimitsa sewero n'kulowa m'malo mwa munthu yemwe akuponderezedwayo kuti ayese njira yake. Tinapanga ka sewero ka landilodi akutulutsa katundu wa loja usiku chifukwa cha renti, mayi wina wa m'kalasi mwathu amene amagulitsa tomato ku Mbare anakuwa kuti imani, analowa, ndipo sanakangane ndi landilodiyo ayi, anangopita kukagogoda zitseko za maloja ena onse kuti adzuke adzaone. Sewero linatembenuka pompo, tinakambirana mpaka nthawi yoweruka inadutsa.

Mbiri ya konkuno anaiphunzitsanso bwino. Anatifotokozera za Reps ya ku Belgravia, gulu lomwe linayamba mu 1931 nthawi ya atsamunda, za mapungwe a nthawi ya nkhondo ya ufulu pomwe nyimbo, magule ndi ndale zinkayendera limodzi usiku wonse, za Ngugi wa Mirii amene anathawa ku Kenya mu 1982 n'kudzalimbikitsa zisudzo za m'makomboni ndi m'midzi kuno, komanso Amakhosi ya malemu Cont Mhlanga ku Bulawayo. Sabata ina anatituma ku Theatre in the Park mu Harare Gardens kukaonera sewero n'kulemba tsamba limodzi, koma analetsa mawu oti "linali bwino" kapena "silinandisangalatse". Uzinena chomwe dayilekita amafuna kuchita, wachita bwanji, ndipo chatheka pati, chakanika pati. Ntchito yovuta kuposa mmene mungaganizire, mpaka pano ndikamaonera sewero ndimayang'ana ngakhale pomwe aimika mpando.

Tsono apa ndi pomwe mtima unandipweteka. Tinatha maola awiri athunthu pa Agiriki akale, mmene ku Athens ankachitira zisudzo pa chikondwerero cha mulungu wawo Dionysus, amuna okhaokha, atavala zigoba kumaso, pali gulu loimba loyankhira. Ine ndikumva zonsezi ndikungoona bwalo la kwathu. Ndinakweza dzanja kufunsa kuti nanga gule wamkulu tidzamuphunzira liti, yankho la aphunzitsi linali loti zvigure (mmene amatchulira gule wamkulu mu Chishona) ndi za mwambo ndi chipembedzo, si zisudzo, tipitirize. Koma abale, za Agiriki zija sizinali za chipembedzo? Za kudambwe sindinganene, ndipo sindimafuna kuti munthu aziulule m'kalasi, koma zomwe zimachitika pabwalo aliyense amaona. Simoni ndi nkhope yake yofiira ija akunyogodola mzungu, Maliya, Makanja pamwamba pa mitengo, amayi akuwomba m'manja kuyankha nyimbo, ng'oma ikulamula mapazi, chilombo chilichonse chili ndi khalidwe lake ndi phunziro lake. Brecht, wolemba masewero wa ku Germany yemwe tinamuwerenga sabata yotsatira, ankafuna kuti woonera asatengeke mtima chabe koma aziganiza ndi kuweruza zomwe akuona, nanga Simoni amachita chiyani ngati si chomwecho? UNESCO inamuzindikira gule ameneyu mu 2005, ndipo sikuti ali kutali, agogo athu anabwera naye kuchokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique pobwera kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, amatuluka konkuno ku Mabvuku, ku Mbare, ku Dzivarasekwa. Ife amene tinakula tikutchedwa mabhurandaya, dzina lonyozera anthu amene kwawo ndi ku Malawi, timadziwa mmene zimawawira chinthu chako akachiika pambali ngati choopsezera ana.

Zina zing'onozing'ono: kalasi imachedwa kuyamba pafupifupi sabata iliyonse, manotsi amatumiza pa WhatsApp ngati zithunzi zosaoneka bwino, ndipo magetsi akazima mavidiyo ndiye kuti palibe. Zonse ndi mu Chingerezi ndi Chishona, ngati Chingerezi chowerenga chimakuvutani gawo la m'mawa mudzavutika nalo ndithu, khalani pafupi ndi mnzanu woti muzifunsana.

Amene mukufuna kupita pitani, tengani madzi akumwa ndi zovala zoti mutha kugona nazo pansi. Ine ndalembetsa kale kosi yotsatira, ndipo tsiku lotsekera ndinawatsatira aphunzitsi aja panja n'kuwapempha mwaulemu kuti gule akadzatuluka kwathu ndidzawatenge adzaone ndi maso awo. Anaganiza pang'ono, kenako anati ndiwauziretu kusanatsale sabata kuti adzabwere ndi kalasi yonse.