WhatsApp, Signal kapena Telegram: ndi iti imene imasungadi chinsinsi?

Nkhani ikayamba kutentha pagulu la WhatsApp, sipalephera wina wonena kuti, "Abale, tiyeni tisamukire ku Telegram, kuno kuli makutu." Mawu amenewa amandidetsa nkhawa, chifukwa pa mapulogalamu atatu amene anthu amawatchula kwambiri, WhatsApp, Signal ndi Telegram, Telegram ndiyo imene imateteza chinsinsi mochepera. Anthu amathawira kumeneko poganiza kuti abisala, pomwe akudziika poyera.

Chimene chimasiyanitsa atatuwa ndi chomwe akatswiri amati end-to-end encryption. Uthenga umakhomedwa usanatuluke mufoni yanu, ndipo kiyi yotsegulira imakhala mufoni ya amene mwamutumizira basi. Kampani ya foni, mwini Wi-Fi, ngakhale kampani ya pulogalamuyo, onse amangoona zilembo zosokonekera. SMS wamba ndi kuyimba kwa pa laini zilibe chitetezo chimenechi, choncho nkhani yobisika isamadutse kumeneko.

Telegram anaiyambitsa mu 2013 Pavel Durov ndi mkulu wake Nikolai, ndipo masiku ano likulu lake lili ku Dubai. Macheza wamba a pa Telegram, magulu onse ndi ma channel onse, amasungidwa pa makompyuta a kampaniyo, ndipo makiyi ali m'manja mwa kampaniyo. Kuti uthenga ukhomedwe mpaka kwa wolandira, muyenera kutsegula nokha Secret Chat, ndipo imeneyi imagwira pakati pa anthu awiri okha, pa foni imene mwaitsegulira. Gulu la Secret Chat kulibe. Mu Ogasiti 2024 Durov anamangidwa ku France, ndipo mwezi wotsatira Telegram inalengeza kuti idzapereka manambala a foni ndi ma IP address (manambala osonyeza pomwe foni ikulumikizira pa intaneti) a anthu oganiziridwa milandu kwa akuluakulu a boma akabwera ndi zikalata zovomerezeka. Ubwino wake ulipo ndithu: gulu limodzi limatha kukhala ndi anthu 200,000, ndipo mafayilo akuluakulu amadutsa bwino. Pogawana mapepala a mayeso akale kapena potsatira nkhani, ndi yabwino. Koma yokambirana za ndale, za matenda anu kapena za mlandu wa kuntchito, ayi.

WhatsApp ndiyo ili m'thumba la aliyense, ndipo pankhani yokhoma mauthenga si yofooka ngati mmene anthu amaionera. Kuyambira mu Epulo 2016 mauthenga ake onse, zithunzi, mawu ojambula, kuyimbirana ndi za m'magulu zomwe, zimakhomedwa ndi njira yomweyo imene Signal inapanga. Zimene mwalemba, WhatsApp siziwerenga.

Vuto lake lili kwina. Facebook, yomwe pano ikutchedwa Meta, inagula WhatsApp mu 2014 pa madola pafupifupi 19 biliyoni, ndipo kampaniyi imapeza ndalama zake podziwa anthu ndi kuwaonetsa malonda. WhatsApp imadziwa nambala yanu, manambala a m'foni mwanu ngati munaipatsa chilolezo, mtundu wa foni, IP address, magulu amene mulimo, ndi nthawi imene mumaigwiritsa ntchito. Zili ngati mnansi wokhala pakhonde tsiku lonse: samva zimene mukukambirana m'nyumba, koma amadziwa amene walowa, nthawi imene walowa, ndi kuti amabwera kangati pa sabata. Kwa mtolankhani amene akulankhula ndi munthu woulula katangale, kudziwika kokha kuti awiriwa amalankhulana n'kokwanira kumuika winayo m'mavuto.

Chachiwiri ndi backup, ndipo apa m'pamene ambiri amagwera osadziwa. Macheza anu akamakopedwa kupita ku Google Drive kapena iCloud, sakhomedwa ndi kiyi yanu pokhapokha mutayatsa nokha. Mwayi woyatsawu unabwera mu 2021. Lowani mu Settings, kenako Chats, Chat backup, muyatse End-to-end encrypted backup, ndipo pasiwedi imene muikepo muisunge bwino chifukwa mukaiiwala WhatsApp singakubwezereni. Dziwaninso kuti inu mukhoza kuyatsa, koma mnzanuyo ngati sanayatse, zimene munamulembera zili mu backup yake yosakhomedwa.

Signal ndi ya bungwe losafuna phindu, Signal Foundation, lomwe linakhazikitsidwa mu 2018 ndi Moxie Marlinspike, amene anayambitsa pulogalamuyi, pamodzi ndi Brian Acton. Acton yemweyu ndi mmodzi mwa anthu awiri amene anayambitsa WhatsApp. Atachoka kumeneko anaika madola 50 miliyoni ku Signal. Mapangidwe a pulogalamuyi ali poyera, katswiri aliyense akhoza kuwaunika. Koma chimene chimandikhutiritsa ine ndi zomwe zinachitika mu 2016, pomwe khoti lina ku Virginia, ku America, linalamula Signal kuti ipereke zonse zimene inali nazo pa manambala awiri. Nambala imodzi yokha ndiyo inali ndi akaunti, ndipo chomwe Signal inali nacho chinali tsiku limene akauntiyo inatsegulidwa ndi tsiku lomaliza limene inalumikizidwa. Mayina a anzake, magulu, mauthenga, zonsezo kunalibe. Kampani ikhoza kulonjeza kuti sidzaulula, koma lonjezo limasintha woweruza akasaina. Imene sinasunge kanthu ilibe choti ipereke.

Kuyambira mu 2024 Signal imalola kukhala ndi dzina lolumikizirana, kotero mukhoza kucheza ndi munthu osamupatsa nambala yanu. Polembetsa pokha nambala ikufunikabe, ndipo kuno kwathu kuyambira mu 2018 SIM iliyonse imalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika. Choncho pa mapulogalamu onse atatuwa, akaunti yanu imayambira pa nambala yomangirizidwa ku dzina lanu.

Zovuta za Signal n'zoonekeratu kwa aliyense amene amawerengera ma MB. Makampani a foni ali ndi ma bandulo otchipa a WhatsApp, pomwe Signal imadya bandulo ya intaneti wamba. Komanso amalume anu, a mpingo, a banki m'khonde, onse ali pa WhatsApp, ndipo simungawasamutse. Sindikuona chifukwa chowakakamizira. Signal ndi ya anthu ochepa amene mumakambirana nawo zinthu zoti zikatuluka wina achotsedwa ntchito, amangidwa kapena banja lipasuka. Mauthenga olemba sadya data yambiri, ndipo pa zimenezo mtengowo ndi woyenera.

Tsopano pali zinthu zimene palibe ngakhale imodzi mwa atatuwa ingakutetezeni nazo, ndipo kwathu kuno ndi zimenezi zimene zimapweteka anthu. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 lagwiritsidwapo ntchito pomanga anthu chifukwa cha zomwe analemba pa WhatsApp ndi pa Facebook. Kuti uthenga wa pagulu ufike kupolisi sipafunika katswiri wothyola makiyi. Gulu la WhatsApp limatha kukhala ndi anthu 1,024, ndipo mmodzi yekha akajambula screenshot, zatha. Ngakhale akuluakulu a boma la America zinawaonekera mu Malichi 2025, pomwe mkonzi wa magazini ya The Atlantic, Jeffrey Goldberg, analowetsedwa mwangozi pagulu lawo la Signal limene ankakambirana zophulitsa mabomba ku Yemen. Signal inagwira ntchito yake bwinobwino, inafikitsa uthenga wokhomedwa kwa aliyense wa pagulupo, kuphatikizapo mtolankhaniyo. Musanalembe pagulu, yang'anani mndandanda wa amene alipo. Ngati muli manambala amene simukuwadziwa, lembani ngati mukulankhula pamsonkhano.

Palinso mapulogalamu aukazitape onga Pegasus, ya kampani ya ku Israel ya NSO Group, imene mu 2019 inalowetsedwa m'mafoni a anthu pafupifupi 1,400 kudzera pa kuyimbirana kwa WhatsApp. Ikalowa imawerenga uthenga pa foni penipenipo, utatsegulidwa kale. Imeneyi ndi yodula, amasakira nayo atolankhani, andale ndi omenyera ufulu. Ngati muli m'gulu limenelo, musamachedwetse ma update a foni ndi a mapulogalamu, chifukwa ndi amene amatseka mipata yotere.

Kwa tonsefe, mdani wapafupi ndi wakuba akaunti ndi munthu wogwira foni yathu m'manja. Wina akakuyimbirani kapena kukulemberani kuti mumutumizire manambala 6 amene abwera pa SMS, akufuna kulanda WhatsApp yanu kuti apemphe ndalama kwa abale anu m'dzina lanu. Musamupatse, ngakhale uthengawo uoneke kuti wachokera kwa mnzanu. Yatsani Two-step verification pa WhatsApp ndi pa Telegram, ndi Registration Lock pa Signal, kuti ngakhale wina atenge nambala yanu asalowe popanda PIN kapena pasiwedi yanu. Yatsaninso mauthenga odzifufuta okha: WhatsApp imapereka maola 24, masiku 7 kapena masiku 90, pomwe Signal imakulolani kusankha nthawi yanu, kuyambira masekondi mpaka masabata anayi. Foni ikabedwa kapena kulandidwa, zimene zinafufutika sizipezekamo pongoitsegula.

Foniyo ikhale ndi PIN yosachepera manambala 6, osati chaka chimene munabadwa, komanso zimitsani kuonekera kwa mauthenga foni ikakhala yokhoma. Mukamaipereka kokonzetsa kapena kotchajitsa pamsika, ithimitseni kaye, muchotsemo SIM ndi memory card.