Matiresi a masipuling'i ndi latex: mmene ndawaonera pa bedi la mwana wanga

Matiresi amene ndikukamba pano ndi a bedi la munthu mmodzi, masentimita 90 m'lifupi ndi 190 m'litali. Mkati mwake muli masipuling'i osokeredwa m'timatumba ta nsalu, pamwamba pake latex (siponji ya mphira) wopyapyala, kenako ubweya wa nkhosa, ndipo kunja konse ndi nsalu ya thonje. Zatha pamenepo. Kuchepa kwa zinthu zamkatiku n'kumene kunandikopa, chifukwa chinthu chilichonse chowonjezera chimabwera ndi guluu wake komanso mafunso ake. Ndinagulira mwana wanga wamkazi wa zaka 6, amene miyendo inali itayamba kugunda kumapeto kwa kabedi kake kakale.

Ena kunyumba ankandiseka kuti ndikuvutikira chinthu chongogonapo. Koma tawerengani maola: mwana wa zaka 6 mpaka 12 amafunika kugona maola 9 mpaka 12 pa tsiku, nkhope ili pansalu penipeni, ndipo poyerekeza ndi kulemera kwa thupi lake amapuma mpweya wambiri kuposa ife akuluakulu. Mu 2025 ofufuza a ku University of Toronto anayeza matiresi 16 atsopano a ana ndipo anapezamo ma phthalates (makemikolo ofewetsa pulasitiki) ndi mankhwala oletsa moto. Chimene chinandikhudza kwambiri n'chakuti makemikolowo ankatuluka ochuluka matiresi akatenthetsedwa ngati thupi la munthu ndi kupanikizidwa ndi cholemera. Ndiye kuti matiresi ozizira amene mukuwanunkhiza m'sitolo sakukuuzani zonse.

Mphuno nayo si yodalirika kwenikweni. Siponji yotchipa ndi ya polyurethane, yochokera ku mafuta a petroleum, ndipo fungo lija la chinthu chatsopano ndi mpweya wa makemikolo umene umachepa mukatsegula mawindo. Mankhwala oletsa moto sanunkha choncho, amangosakanikirana ndi fumbi la m'chipinda pang'onopang'ono. Ena mwa oipitsitsa, a gulu la PBDE, anaikidwa pa mndandanda wa zoletsedwa wa pangano la mayiko la Stockholm Convention mu 2009. N'chifukwa chake ndinakana mwaulemu matiresi akale a siponji amene wachibale wina ankafuna kutipatsa. Sindinkadziwa chaka chimene anapangidwa, iyenso sankadziwa.

Nthawi yanga yambiri inathera pa zizindikiro zosindikizidwa pa chikalata cha matiresi, ndipo apa mpamene wogula amapusitsidwa. Mawu akuti "zachilengedwe" ndi chithunzi cha tsamba lobiriwira aliyense akhoza kuika. Chizindikiro chenicheni kawirikawiri chimakhala ndi nambala imene mungafufuze pa intaneti. CertiPUR-US imatsimikizira siponji yokha, kuti ilibe formaldehyde, mtovu, mercury ndi mankhwala ena oletsa moto, koma sinena kanthu za nsalu yakunja kapena guluu. OEKO-TEX Standard 100, imene inayamba mu 1992, imayeza nsalu ndi zina zotero, ndipo gulu lake loyamba, la zinthu za ana osapitirira zaka 3, ndilo lokhwima kwambiri. GOLS ndi ya latex ndipo imafuna kuti 95 peresenti ikhale yochokera ku mitengo yolimidwa popanda mankhwala. GOTS ndi ya thonje ndi ubweya. Matiresi athuwa ali ndi OEKO-TEX pa nsalu ndi pa latex, koma alibe GOLS kapena GOTS. Ndinavomera zimenezo ndi maso awiri. Zizindikiro ziwirizo zimakhudza kwambiri mmene mbewu inalimidwira ndi mmene inakonzedwera m'fakitale, ndipo zimakweza mtengo, pamene ine nkhawa yanga inali pa chimene chikutuluka m'matiresi usiku.

Latex nayenso ali pawiri. Wina ndi utomoni wa mtengo wa Hevea brasiliensis, wina ndi wopangidwa m'fakitale kuchokera ku styrene ndi butadiene, ndipo opanga ambiri amasakaniza n'kungolemba kuti latex. Ndinalembera wogulitsa kumufunsa mafunso awiri: latex wake ndi wamtundu wanji, nanga choletsa moto m'matiresimu n'chiyani? Anayankha molemba kuti latex ndi wa mtengo, wopangidwa m'njira ya Dunlop (imodzi mwa njira zosandutsira utomoni kukhala siponji), ndipo choletsa moto ndi ubweya, umene mwachibadwa suyaka msanga. Wogulitsa wina amene ndinamufunsa zomwezo anangonditumizira zithunzi za ana akumwetulira. Ameneyo ndinamusiya.

Funso lachiwirilo musalidumphe, makolo anzanga. Ku United States, kuyambira 2007 matiresi amayenera kupirira mayeso a lawi la moto, ndipo njira yotchipa yokwanitsira lamulolo ndi kuveka siponji nsalu ya ulusi wa galasi pansi pa chikuto. Bola chikutocho chili chotseka, ulusiwo umakhala mkati. Koma kholo likatsegula zipi kuti lichape mwana atakodzera, tiulusi tija timamwazika m'chipinda monse, timayabwa pakhungu ndipo n'tovuta kuchotsa. Mukaona matiresi okhala ndi zipi koma chikalata chake chikuletsa kuchotsa chikuto, funsani chifukwa chake.

Tsopano kagonedwe kake. Atangofika ankamveka kafungo ka nkhosa ndi ka mphira, osati kolasa m'mphuno. Tinawaimika pafupi ndi windo lotsegula tisanayale, ndipo kafungoko kanatha kokha. Ndi olimbirapo ndithu. Mwana wolemera makilogalamu 20 samira, msana umakhala wowongoka, ndipo akatembenuka salimbana ndi dzenje. Ine ndikagonapo pomuwerengera nkhani ndimamva kuti phewa likulowa pang'ono, kutanthauza kuti akadzafika zaka 13 kapena 14 adzakhalabe omukwana. Chimene ndayamikira koposa ndi kuzizira kwake. Mwanayu amatuluka thukuta kwambiri usiku, ndipo siponji ya memory foam, imene inayambira ku NASA m'zaka za m'ma 1960, imadziwika ndi kusunga kutentha. Pakati pa masipuling'i mpweya umadutsa, ubweya umayamwa chinyezi, ndiye tsitsi lake silidzuka lonyowa ngati kale.

Zolakwika zilipo. M'mbali mwake ndi mofooka: ndikakhala m'mphepete pomumanga nsapato ndimatsetsereka ngati ndakhala pa thumba losadzaza. Ndi olemera, ndipo alibe zogwirira. Mbali yogonera ndi imodzi yokha, choncho sutembenuza, umangosinthanitsa kumutu ndi kumiyendo miyezi ingapo iliyonse. Chikuto chake sichichoka, ndipo ubweya ndi latex sizigwirizana ndi kunyowa.

Pa chifukwa chimenecho nsalu yotchinga madzi ndi gawo la mtengo wa matiresiwa, ngakhale wogulitsa sanena. Apa n'zotheka kuwononga zonse zimene mwavutikira, chifukwa zotchinga zotchipa kwambiri ndi za PVC, pulasitiki imene kawirikawiri amaifewetsa ndi ma phthalates omwe aja, ndipo ndiyo imakhala pafupi kwambiri ndi nkhope ya mwana. Ndinasankha ya thonje yokhala ndi kansalu kopyapyala ka polyurethane kunsi, yosachita phokoso akamatembenuka. Gulani ziwiri, kuti ngozi ikachitika pakati pa usiku mungosintha n'kubwerera kukagona. Kuchapa pa madigiri 60 kumapha tizilombo tosaoneka ta m'fumbi timene timayambitsa kuyetsemula ndi mphumu mwa ana ena. Ndawerenganso chikalata cha chitsimikizo cha matiresiwa: banga limodzi lokha n'lokwanira kuti akane kukusinthirani.

Za mtengo, ali pakati. Amaposa siponji wamba, koma ndi otsika kwambiri poyerekeza ndi a latex yekhayekha okhala ndi zizindikiro zonse. Ine ndinagawa mtengowo ndi zaka zimene mwana adzagonapo, ndipo siponji yopepuka imene imakumbika pakati isanakalambe n'komwe sinaonekenso yotchipa. Ngati thumba silikulola, ndikanatenga matiresi wamba a masipuling'i okhala ndi nsalu ya OEKO-TEX, kapena siponji yothinana ya makilogalamu 30 kapena kuposa pa kiyubiki mita yokhala ndi CertiPUR-US, n'kuiumika pamphepo nthawi yokwanira musanayale. Zolemba zoti nsalu imapha majeremusi kapena sigwira mabanga sindizilipirira, chifukwa kawirikawiri zimatanthauza kuti apaka mankhwala ena owonjezera.

Pali amene matiresiwa sawayenera. Khanda losakwana chaka limafunika pogona polimba ndi pafulati, pokwanira bwino m'kabedi kake, ndipo awa si amenewo. Mwana amene thupi lake limadana ndi latex, yambani mwafunsa dokotala. Ngati ndi a bedi losanjikiza lapamwamba, yezani kaye: awa ndi okhuthala masentimita 20, ndipo pa mabedi ambiri otere chotchingira cha m'mbali chingatsale chachifupi kwambiri moti mwana akhoza kugubuduka. Musawayale pansi penipeni kapena pa thabwa lopanda mipata, chifukwa chinyezi chikasowa kotulukira kunsi kumachita chuku. Athu ali pa timatabwa totalikirana masentimita 6, monga mmene wopanga analembera.