Kiliniki ya makutu ya ku Queens: mwana akachedwa kulankhula, yambirani kumeneko

Mwana akakwanitsa zaka ziwiri koma osalumikizabe mawu awiri, monga "amayi madzi", akayezedwe makutu musanaganize china chilichonse. Kwa ife a kum'mwera, malo ake ndi kiliniki ya makutu ya pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, yomwe inatsegulidwa mu 2016 mothandizidwa ndi bungwe la Sound Seekers. Ndinapitako ndi mwana wanga wamwamuna, ndipo ndikulimbikitsa kholo lililonse lodandaula kuti lisazengereze.

Wangayu ankabwebweta bwinobwino "ba-ba, ma-ma" mpaka pamene anadwala malungo aakulu ali ndi chaka. Atachira anangoti zii. Kusikelo kwathu ankamukweza pasikelo, kulemba m'buku, kumupatsa vitamini A, basi. Za kulankhula panalibe wofunsa. Achibale nawo ankati ana aamuna amachedwa, bambo akenso anali choncho. Chosokoneza kwambiri n'chakuti mwana wosamva bwino amaoneka ngati akumva. Amayang'anitsitsa nkhope yako, amatsata dzanja lako, ndipo chitseko chikamenyetseka amatembenuka chifukwa cha kugwedezeka kwa pansi. Koma ndikamuitana ndili kumbuyo kwake, ankangopitiriza kusewera.

Chimene chinandigwira mtima ku kilinikiko ndi mafunso awo. Anabadwa bwanji? Analira atangobadwa? Anadwalapo chikasu ali wakhanda, kapena matenda oumitsa khosi? M'khutu munatulukapo mafinya? Atagonekedwa anabayidwa mankhwala anji? Zonsezi zimatha kuwononga kumva, ndiye musaiwale buku lakusikelo, amaliwerenga ndithu.

Atasuzumira m'makutu ndi katochi, anamulowetsa kachipangizo ka mphira m'khutu. Kamatulutsa timawu tapansipansi n'kuyeza mmene m'kati mwa khutu mukuyankhira. Sikapweteka, mwana amangofunika kukhala phee. Kenako tinalowa m'kachipinda kosalowa phokoso. Ndinamukhazika pamiyendo, n'kuuzidwa kuti ndisagwedezeke ngakhale pang'ono, poopa kuti angatsate ine m'malo motsata mawu. Mawu akatuluka m'sipika iye n'kutembenuka, kachidole kankayaka. Pa mawu okwera ankatembenuka akumwetulira. Atawatsitsa kufika pa mmene timalankhulira m'nyumba, ine ndinkawamva bwinobwino, mwana wanga ali duu kuyang'ana nsapato zake. Misozi inalengeza.

Anandifotokozera m'Chichewa, modekha, akuloza papepala kuti phokoso lalikulu amalimva koma mawu a anthu amamudutsa. Anamuthira m'khutu zinthu zofewa ngati phala lolimba kuti atenge mpangidwe wa khutu lake, ndipo paulendo wina anamuveka makina othandiza kumva. Sanandinamize kuti mawa alankhula. Anati makinawo ndi chiyambi chabe, ntchito yaikulu ndi yanga: kumulankhula ndikumuyang'ana, kutchula dzina la chilichonse chimene wagwira, kumuimbira. Panopa amati "mpila" ndi "agogo".

Konzekerani kuti ulendo si umodzi. Khutu la mwana limakula, ndiye kachikombole ka makinawo kolowa m'khutu kamafunika kusinthidwa, mabatire amatha msanga, ndipo makinawo sagwirizana ndi madzi kapena thukuta. Kwa ife ochokera kutali, ndalama ya minibasi ndiye imapweteka. Tengani kalata yokutumizani kuchokera kuchipatala chakwanu, mulawirire, munyamulenso kachakudya ka mwana. A chigawo chapakati ali ndi ABC Hearing Clinic ku Lilongwe.

Musadikire zaka ziwiri ngati zizindikiro zaoneka kale. Wa miyezi 6 azitembenukira kumene kukuchokera mawu. Wa chaka azibwebweta ndi kudziwa dzina lake. Wa chaka ndi theka akhale ndi timawu tingapo ndipo aziloza chimene akufuna. Amene wasiya zimene ankachita kale, kaya kulankhula, kuyenda kapena kusewera ndi anzake, apite sabata yomweyo. Makutu akapezeka kuti ali bwino, musabwerere kunyumba n'kukhala pansi. Alipo ana amene amamva bwino koma sayang'ana munthu m'maso, saloza, sayankha dzina lawo. Amenewo pemphani kuti akutumizeni kwa madokotala a ana pachipatala pomwepo, akamuone kakulidwe kake konse.