Princess Peach: Showtime! — ndemanga yanga patatha miyezi iwiri ili pakhomo pathu

Gemuyi ndinagulira mwana wanga wamkazi wa zaka 7. Tinaimaliza yonse, iye atagwira mabatani ine ndili pambali pake, kenako ndinaibwereza ndekha usiku ana atagona, kuti ndikamalemba pano ndilembe zimene manja anga akhudza. Ndi ya pa makina osewerera magemu a Nintendo Switch, inatuluka pa 22 Malichi 2024, ndipo yathuyi ndi ya kakhadi kolowetsa m'makina, osati yotsitsa pa intaneti. Ndinatumiza ndalama kwa alamu anga ku Johannesburg, iwo n'kubwera nayo m'chikwama.

Chimene chinandichititsa kuigula ndi funso la mwanayu. Tikamathamangitsana magalimoto mu Mario Kart 8 Deluxe, iye sasankha wina koma Peach. Loweruka lina, mpikisano utangotha, anatembenuka n'kundifunsa kuti, "Adadi, bwanji magemu onse ndi a Mario? Peach alibe yake?"

Funsoli linandibweza ku ubwana. Ife tinkasewera Super Mario Bros. pa kamakina ka makatiriji achikasu kunyumba kwa mnzanga, titaunjikana pasimenti kudikirana mpata. Gemu ija inatuluka ku Japan mu 1985, ndipo nkhani yake inali imodzi: Bowser, chikamba cholavula moto, waba Peach, mwana wamkazi wa mfumu, ndiye iwe Mario kamutenge. Umavutika, umadumpha maenje a moto, umafika kumapeto kwa linga, n'kupeza kamunthu ka mutu wa bowa kakukuthokoza ndi kukuuza kuti amene ukufunayo ali m'linga lina. Zimatero maulendo 7, ndipo wa 8 ndi pamene umamupeza. Ambiri a ife sitinafikeko. Kwa ife Peach anali dzina lopanda nkhope, chifukwa chongoyendera ulendo. Ngakhale dzinalo linali losakhazikika: ku Japan anali Peach kuyambira pachiyambi, koma ku America ndi ku Ulaya ankamutchula Toadstool, mpaka Super Mario 64 ya mu 1996 inazika dzina la Peach kulikonse. M'gemu imeneyo amalembera Mario kalata yomuitanira keke, Mario pofika n'kupeza kuti wabedwanso.

Sikuti zaka zonsezi anangokhala phee kudikira. Mu Super Mario Bros. 2 ya mu 1988 unkatha kumusankha, ndipo ankayandama m'malere kakanthawi akadumpha, zimene zinkapulumutsa ambiri pa maenje. Mu 1992 analowa pa mpikisano wa Super Mario Kart. Mu Super Mario RPG, nayonso ya mu 1996, ankamenya adani ndi ambulera komanso chiwaya chokazingira. Gemu yakeyake yaikulu yoyamba inabwera mu 2005 pa Nintendo DS, ya Super Princess Peach, m'mene zinthu zinatembenuka: ogwidwa anali Mario ndi m'bale wake Luigi, wowapulumutsa n'kukhala iye. Koma mphamvu zimene anamupatsa m'menemo sizinandikhalepo bwino mumtima. Akalira, misozi imameretsa zomera; akapsa mtima, amayaka moto; akasangalala, amauluka. Mwamuna amupatsa nyundo ndi duwa la moto, mkazi n'kumupatsa kulira. Sindikanakonda kuti mwana wanga ayambire pamenepo. Chimene chinandisangalatsa chinadza mu 2017, kumapeto kwa Super Mario Odyssey, pamene Mario ndi Bowser akukankhana pa mwezi, aliyense ndi maluwa ake m'manja, iye n'kuwakana onse awiri, kenako n'kunyamula sutikesi kukaona maiko. Komabe kuchokera 2005 kufika 2024 ndi zaka 19 asanapatsidwenso gemu ya dzina lake.

Tsono Showtime! ili motere. Peach wapita kukaonera zisudzo ku holo yaikulu yotchedwa Sparkle Theater. Asanakhale n'komwe pansi, mfiti yotchedwa Grape ndi gulu lake la Sour Bunch alanda holo yonse, chimphepo chaulutsa chisoti chake chachifumu, anthu ake a bowa aponyedwa kunja, zitseko zatsekeka. Watsala yekha ndi Stella, kamlonda ka holoyo kamene kamasanduka riboni yomangira tsitsi lake. Mario mulibe. Bowser mulibe. Palibe akubwera kudzamutenga. Mwana wanga atazindikira zimenezi anakhala tsonga pampando, ndipo ine ndinadziwa kuti ndalama ija sinapite pachabe.

Khomo lililonse m'holomo ndi sewero, ndipo sewero lililonse Peach amavala zovala za mwini sewerolo n'kutenga luso lake. Zovala zake zilipo za mitundu 10, uliwonse uli ndi masewero 3, onse pamodzi 30, kuphatikizapo zilombo zikuluzikulu zolondera nsanjika iliyonse. Pena ndi wa lupanga, pena ninja, pena woweta ng'ombe woponya chingwe ali pa hatchi, pena wa kung fu wozungulira pa mitengo, pena mkazi wa mchira wa nsomba amene akaimba nsomba zimamumvera. Mabatani ofunika ndi awiri okha, lodumphira ndi lochitira chimene chovalacho chimachita. Mwana sachita kuloweza zambiri.

Chimene ndachikonda kuposa zonse ndi chakuti gemuyi siiwala kuti ili pa siteji. Mitengo ndi ya makatoni, yosongoka m'mbali ngati yodulidwa ndi sizasi. Hatchi ya woweta ng'ombe uja ili ndi zingwe zoonekeratu zochokera kudenga, ngati chidole.  Ukafika pakona, siteji yonse imazungulira n'kukuonetsa mbali ina. Amene munachitapo sewero kusukulu, mukupachika chitenje kuti chikhale khoma la nyumba ya amfumu, mudzamva kukoma kwake msanga. Anaikonza ndi a kampani ya Good-Feel, omwe aja anapanga Kirby's Epic Yarn ya ulusi ndi Yoshi's Crafted World ya mapepala, ndipo dzanja lawo likuoneka.

Sewero la ninja ndi limene linatigwira tonse awiri. Alonda amayenda ndi nyali, ndipo kuwala kukakugunda wagwidwa. Peach akatsamira khoma amatambasula pepala la mtundu wa khomalo n'kubisala kuseri kwake. Akalowa m'udzu amanyamula tinthambi tiwiri kuphimba nkhope. Akamira m'madzi, pamwamba pamangotsala kabango kopumira. Tsiku limene tinafika pamenepa magetsi anali atazima, ndiye tinachotsa Switch pa TV n'kukhala pakhonde, kuwala kwa sikirini kokha kuli pankhope pake. Mlonda akuyandikira, mwanayu anasiya kupuma, mapewa ali m'mwamba, maso ali dwii. Mlonda atatembenuka, anamudumphira n'kukuwa mpaka amayi ake anatuluka m'khitchini ndi mthiko m'manja kudzaona chachitika. Mawa lake ndinamupeza kuseri kwa nyumba atanyamula masamba a mango pankhope, akuzembera mng'ono wake.

Sewero lophika makeke ndi lina limene amabwerera kawirikawiri. Umakandira mabisiketi podina batani mofulumira, koma ukapitirira muyeso mbale imaphulika, ndiye uyenera kudziwa posiyira. Pokongoletsa keke, keke imazungulira iwe ukufinya kirimu motsatira chithunzi. Zikuoneka zophweka, koma apa ndi pamene ndinaona mwana akuphunzira kuugwira mtima, chifukwa ulendo woyamba anaphulitsa mbale zingapo zotsatizana, ndipo anachita kuzindikira yekha kuti changu si chimene chikufunika.

Makolo dziwani izi za sewero la wofufuza milandu. Pamenepa palibe kumenya. Peach amayenda ndi galasi lokulitsa zinthu, kufunsa anthu mafunso, kuyang'ana mapazi pansi, kenako n'kuloza amene akumukayikira. Ukaloza wolakwika umataya mtima umodzi mwa imene uli nayo. Zonsezi zimadalira kuwerenga, ndipo mawu ake ndi olembedwa, sachita kuyankhulidwa. Ife tinaika Chingerezi. Mwana wa Sitandade 2 sangathe yekha, choncho ndinkamuwerengera n'kumamasulira m'Chichewa, iye n'kumaganiza yekha kuti wabodza ndani. Pa mlandu woyamba, wa chithunzi chosowa m'nyumba yosungira zakale, anandigwira mkono n'kunena kuti, "Adadi musanene, ndamudziwa." Analidi atamudziwa. Kwa ife inali nthawi yabwino kwambiri, koma ngati mukufuna gemu yomusiyira mwana inu muli kuntchito zina, apa adzaima n'kukuitanani.

Tsopano zimene sizinandikomere, chifukwa zilipo ndithu.

Kwa munthu wamkulu gemuyi ndi yofewa kwambiri. Ndekha ndinaimaliza m'maola pafupifupi 8, ndipo sindikukumbuka malo amene ananditulutsa thukuta. Peach amayamba ndi mitima 5, ndipo m'holomo muli munthu wopereka kachithumwa kowonjezera ina 3. Mitima ikatha, umangotaya tindalama tochepa n'kuyambira pafupi pomwepo. Kwa mwana izi ndi zabwino, sanalirepo chifukwa chogonja. Koma chovala chilichonse chimatha usanachikhute. Wa lupanga uja ali ndi kachitidwe kokoma kozinda mdani n'kumubwezera nthawi yomweyo, ndipo ndinkafuna adani ochenjera oti ndiyeserepo lusolo. Pamene dzanja layamba kuzolowera, katani yatsekedwa. Bwenzi zovala zitachepa koma chilichonse chitazama. Sewero la mkazi wa m'madzi ndi limene linandigwetsa ulesi: kulondolera nsomba n'kochedwa, ndipo ngakhale mwana anapempha kuti tidutsepo msanga.

Chachiwiri ndi miyala yonyezimira imene umatola m'masewero, imene imafunika potsegula zitseko za zilombo zija. Masewero oyambirira ali nayo 10 lililonse, ina yobisika pamalo pamene uyenera kuima n'kudzionetsera ngati katswiri wa pa siteji. Vuto ndi lakuti siteji ikazungulira sungabwerere. Ukaphonya mwala umodzi, uyenera kuyambiranso sewero lonse, mphindi 10 kapena kuposa, n'kuwerenganso zokamba zonse zimene unawerenga kale. Mwana wanga anaphonya umodzi pa hatchi katatu, ndipo ulendo wachitatu anangoika makina pansi n'kupita panja. Kuloda nakonso kumatenga nthawi polowa ndi potuluka m'sewero, ndipo pena zithunzi zimachita ngati zikukoka mwendo, makamaka m'holo yaikulu ija. Dziwaninso kuti ndi ya munthu mmodzi. Pakhomo pa ana awiri kapena atatu, konzekerani kuweruza milandu ya mpata. Kumbali imeneyi Super Mario Bros. Wonder ya mu 2023 imaposa, chifukwa anthu 4 amasewera limodzi ndipo Peach ndi mnzake Daisy alimo.

Koma chimene ndakhala ndikuchiganizira kwambiri ndi china. Nditamaliza ndinadzifunsa kuti, kodi Peach ndamudziwa tsopano? Ndaona ninja, ndaona wophika, ndaona wakuba wovala chigoba akuuluka pamwamba pa madenga, ndaona wamphamvu wonyamula basi ndi manja. Onsewa ndi zovala zobwereka kwa eni masewero amene iye akuwapulumutsa. Mwini wakeyo sayankhula zambiri. Sitimva chimene amaopa, chimene chimamukwiyitsa, kapena mmene amaonera zaka zonse zija za m'linga. Ngakhale kuyandama kwake kwa mu 1988, chinthu chimene ndi chakechake, sindinakuone pa kudumpha kwake kwa masiku onse m'gemuyi. Amupatsa siteji yonse, inde, ndipo ndikuyamikira, koma ndikulakalaka gemu yotsatira idzamulole kuima ndi diresi lake la pinki lomwelo, mu ufumu wake wa bowa, akulamula ndi kulakwitsa ngati munthu.

Mwana wanga nditamufotokozera maganizo amenewa sanagwirizane nane. Anati, "Koma Adadi, onsewo ndi Peach yemweyo. Amatha zonse." Ndinasiya pomwepo osatsutsa, chifukwa gemuyi anapangira iyeyo, ndipo chimene iye watolamo ndi chimenecho.

Pa nyenyezi 5 ndikuipatsa 4 ngati mukugulira mwana wa zaka zapakati pa 6 ndi 10, wamkazi kapena wamwamuna. Mwana wa achimwene anga, mnyamata wa zaka 9, anakakamira sewero la kung fu mpaka batire inatha. Mulibe magazi, mulibe mawu oipa, mulibe zogula zina ndi ndalama zenizeni mkati, ndipo ya kakhadi imaseweredwa popanda intaneti. Ngati ndinu wamkulu wozolowera magemu olimba, ndikuipatsa 3, ndipo ndi bwino mubwereke kwa mnzanu kapena muyambe mwayesa kachigawo kaulere kamene kali pa sitolo ya pa intaneti ya Switch, kokhala ndi sewero la lupanga ndi la makeke. Mtengo wake ndi wofanana ndi magemu akuluakulu a Switch, pamene utali wake ndi wochepa, ndiye amene mukutuma achibale akunja, apempheni ayang'ane kaye yogwiritsidwapo kale ntchito.

Yathu sitigulitsa. Tatsala ndi miyala 11 kuti titole yonse, ndipo tagwirizana kuti wa pa hatchi uja tiuyesanso Loweruka likubwerali, iye akuyendetsa, ine ndikumuuza pamene chingwe chiyenera kuponyedwa.