CMF Phone 1: masikuluwu ali poyera, koma batire simungaichotse

Foni zambiri za masiku ano mukazigoneka chafufumimba pa tebulo simungazisiyanitse: galasi lonyezimira, makamera atatu pakona, basi. CMF Phone 1 inabwera ndi maonekedwe ena. Kumbuyo kwake kuli masikuluwu anayi achitsulo oonekera poyera, ndipo pakona ya m'munsi kudzanja lamanja pali kagudumu kozungulira kofanana ndi kotembenuzira wailesi. Aliyense woiona koyamba amaganiza kuti yabwerera nthawi ya Nokia, pamene munthu ankatsegula foni ndi chikhadabo, n'kuchotsa batire yotupa, n'kuikamo ina. Ganizo limenelo ndi lolakwika, ndipo ndi bwino kulichotseratu musanatulutse ndalama.

Foniyi inatuluka mu July 2024. CMF ndi nthambi ya zinthu zotsika mtengo ya kampani ya Nothing ya ku London, imene anayambitsa Carl Pei atachoka ku OnePlus. Zilembo zitatuzo zikuimira mawu a Chingerezi a akatswiri okonza maonekedwe a katundu, otanthauza mtundu, chopangira ndi kamalizidwe. Dzinalo likuulula kale kumene kunali mtima wa oipanga. Ku India inayambira pa marupi 15,999, ku America pa madola 199.

Kusatsa kwake kunali kochenjera. Masabata angapo isanatuluke, kampani inkangotulutsa zithunzi za tizigawo, makamaka za sikuluwu yojambulidwa pafupi kwambiri, anthu n'kumalimbana okha pa intaneti kuti chikubwerachi n'chiyani. Sikuluwu, chinthu chimene makampani ena amabisa ngati chochititsa manyazi, iwo anachisandutsa chizindikiro cha malonda. Tsiku limene foniyi inatuluka anatulutsanso mahedifoni a Buds Pro 2, amene kabokosi kake kali ndi kagudumu kokwezera mawu, ndi wotchi ya Watch Pro 2 yosinthika mkombero. Zitatuzi mukaziika pamodzi zimaoneka za banja limodzi. Koma dziwani kuti kagudumu ka pa foni sikakweza mawu, sikasintha nyimbo, sikachita chilichonse cha magetsi. Ndi chotsekera chabe cha bowo lomangirapo zinthu.

Mukakamasula kagudumuko, pamalo pakepo mungamangepo chimodzi mwa izi: kamwendo koimikira foni poonera kanema, kapena chingwe chokolekera m'khosi. Palinso kachikwama ka makhadi komamatira ndi maginito pa kachigawo kaphwatalala komangidwa ndi masikuluwu kumbuyo. Mwa zonsezi, kamwendo ndi chingwe ndiye zaphindu. Chingwe chomangidwa pa thupi la foni lenilenilo n'cholimba kuposa chija chokoleka pa kava ya labala, chimene chimatsala m'khosi foni itapita. Bowolo ndi limodzi, choncho kamwendo ndi chingwe sizingakhalepo nthawi imodzi. Ndipo zonsezi n'zogula padera, m'bokosi la foni mulibe.

Kusintha chivundikiro cha kumbuyo si ntchito yovuta, koma kuli ndi ndondomeko yake. Zimitsani foni. Tulutsani kaye kathireyi ka SIM khadi, chifukwa chivundikirocho chimakuta ndi m'mbali momwe, ndipo mukachikoka kathireyi kali momwemo mungathyole kathireyiko kapena pulasitiki wa m'mphepete. Masulani kagudumu ndi zala, kenako masikuluwu anayi aja ndi kasikuludiraivala kaphwatalala. Kameneka kamabwera ndi chivundikiro chatsopano, osati ndi foni. Masikuluwu akachoka chivundikiro sichigwa chokha, chimakhala chogwiridwabe ndi timano ta pulasitiki kuzungulira konse. Lowetsani chikhadabo pakona imodzi n'kumatsata m'mphepete pang'onopang'ono. Mpeni kapena lezala ayi.

Pobwezera, kanikizani m'mbali monse mpaka timano tonse talowa, kenako mangani masikuluwu mopingasa, wa kumwamba kumanzere kenako wa pansi, kuti chivundikiro chikhale mofanana. Sikuluwu ikangolimba, lekani. Apa ndi pamene ambiri amaonongera: mutu wa sikuluwu yotere uli ndi kamzere kamodzi kokha, ndiye mukakakamiza, chida chimaterereka n'kukanda chivundikiro chatsopanocho, kapena kamzereko kamaphwanyika moti tsiku lina simudzathanso kumasula. Gwirirani ntchitoyi pa nsalu kapena m'mbale, chifukwa masikuluwuwa ndi aang'ono ngati njere ya mpunga, akagwa pa mkeka mwawataya.

Tsopano mwatsegula. Mukuona chiyani? Batire yophimbidwa, yomatidwa ndi guluu, ndi machenjezo akuti musaikhudze. Zigawo zina zonse zili pansi pa zotchingira zawo. Palibe chimene munthu wamba angasinthe pamenepo koposa mtundu wa chivundikiro: chakuda, chobiriwira motuwa, cha olenji, kapena cha buluu. Ubwino umene ulipo ndi wa okonza mafoni. Pa foni zomatidwa kumbuyo, mmisiri amayamba watenthetsa guluu ndi mpweya wamoto, ndipo galasi limatha kusweka ntchito isanayambe. Pa iyi gawo limenelo palibe. Ndi phindu ndithu, koma laling'ono poyerekeza ndi zimene masikuluwu aja akulonjeza m'maso. Wofuna foni yosinthadi batire kunyumba ayang'ane Fairphone ya ku Netherlands, kapena Nokia G22 ya 2023 imene inapangidwa kuti mwini wake azitha kuikonza ndi zida zochepa. Zimenezo ndiye zinapangidwira kukonza. CMF inapangidwira kuvala.

Kutseguka kumeneku kuli ndi mtengo wake. Chitetezo cha foniyi ku fumbi ndi madzi ndi IP52. Nambala 5 ikutanthauza kuti fumbi lingalowe pang'ono koma losafika poononga, ndipo 2 ikutanthauza madontho ogwa foni itapendekeka pang'ono. Si ya mvula ya Januwale imeneyi, ndipo ikagwera mu ndowa musayembekezere chozizwitsa. Chivundikiro chikamatsegulidwa kawirikawiri timano timafooka, mpata n'kumakula. Amene amayenda m'misewu yafumbi asankhe mtundu umodzi n'kukhazikika.

Tikaisiya nkhani ya masikuluwu, foni yeniyeniyo ndi yabwino kuposa mtengo wake, ndipo n'zodabwitsa kuti otsatsa sanalimbikire kwambiri pamenepa. Sikirini ndi ya AMOLED, mainchesi 6.67, yothamanga pa 120Hz, ndipo imawerengeka padzuwa. Mkati muli purosesa, ubongo wa foni, ya Dimensity 7300 yopangidwa ndi MediaTek, yokhala ndi 5G, imene siichedwa pa WhatsApp, Facebook, YouTube ngakhalenso magemu apakatikati, komanso sitentha msanga. Batire ya 5000mAh imatha tsiku lonse mosakayikitsa, ndipo kwa wogwiritsa ntchito mosamala imalowa tsiku lachiwiri. Pulogalamu yake, Nothing OS, inabwera yoyera: munalibe mulu wa mapulogalamu osapempha kapena zotsatsa zotulukira pa sikirini monga zimachitikira pa foni zambiri zotchipa.

Kutchaja ndi kwa 33W, koma tchaja m'bokosi mulibe, muli chingwe chokha. Kuti mupeze liwiro limenelo pafunika tchaja ya USB-C yotchaja mwachangu, ya mtundu wotchedwa PD, yofika mawati 33 kapena kuposa. Mukalumikiza tchaja yakale ya pa msika idzatchaja ndithu, koma mochedwa kwambiri, ndipo magetsi akabwera kwa maola awiri okha kusiyana kumeneku mumakumva.

Kamera ya kumbuyo ndi imodzi, ngakhale maso akuoneka awiri. Yaikulu ndi ya 50MP ya Sony, ndipo masana imajambula bwino, mitundu yake yosakokomeza. Ilibe chogwiriza kunjenjemera kwa dzanja cha mkati mwa lenzi, choncho madzulo kapena m'nyumba ya babu limodzi zithunzi zimafuna dzanja lokhazikika, ndipo mwana wothamanga amatuluka ngati mzukwa. Diso lachiwirilo silijambula palokha, limangoyeza kutalika kwa zinthu kuti kumbuyo kwa munthu kuzimirire. Kadiso kameneka kanabweretsa phokoso foni itangotuluka: anthu anapeza kuti pogwiritsa ntchito mapulogalamu ena kankatha kuona kudutsa pulasitiki wakuda wopyapyala, monga wa rimoti ya TV, chifukwa kalibe sefa yotchinga kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa infrared. Kampani inavomereza ndipo inatseka njirayo kudzera mu pulogalamu yatsopano.

Pali zosowa zina zoti muziwerengere. Sipika ndi imodzi. Bowo la mahedifoni a chingwe palibe. NFC palibe, ndipo kwa wokhala ku Britain kapena ku Johannesburg amene anazolowera kulipira pogunditsa foni pa makina, chimenechi chokha n'chokwanira kuisiya. Kwa wotumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba sizikusintha kanthu. Chimene chingamupweteke iyeyo ndi kathireyi: malo a SIM yachiwiri ndi omwewonso a memori khadi. Mukafuna TNM ndi Airtel zonse zili m'foni, memori khadi itsala panja, ndiye ganizirani bwino ngati 128GB ikukwanirani.

Pa za mapulogalamu, inabwera ndi Android 14 ndi lonjezo la kukwezedwa kawiri, ndiye kuti mpaka Android 16, komanso zaka zitatu za zigamba za chitetezo kuwerengera kuchokera 2024. Wogula yogwiritsidwa kale ntchito awerenge zaka zotsalazo, aonenso ngati masikuluwu onse anayi ndi kagudumu zilipo, komanso ngati mitu yake sinaphwanyike, chifukwa mitu yotafunika ndi umboni woti foni inatsegulidwa ndi dzanja losasamala. Afunsenso kwa mmisiri wake ngati sikirini ya foniyi angaipeze. Ya Tecno, itel kapena Samsung imapezeka msanga, koma ya kampani yaing'ono ngati iyi kawirikawiri imachita kuitanitsidwa kunja, ndipo AMOLED siitchipa.

Mu April 2025 kunatuluka CMF Phone 2 Pro, yokhala ndi makamera atatu enieni, NFC m'maiko ena, ndi chitetezo chokwera kufika IP54. Masikuluwu ndi kagudumu zinatsalapo, koma chivundikiro chake sichinapangidwenso kuti mwini foni azichichotsa: zowonjezera zimamangidwa pamwamba pake.