Pentax K1000 yanga patatha zaka ziwiri

Kamerayi ndinaigula kwa bambo ena ku Kamwala muno mu Lusaka, itadutsa kale m'manja ambiri. Mtunduwu unkapangidwa kuyambira 1976 mpaka 1997, ndiye yangayi ndi nkhalamba ndithu, koma ikujambulabe bwinobwino.

Filimu yoyamba inandiwawitsa mtima. Zithunzi za ukwati wa achemwali anga ku Chilenje zinatuluka ndi mizere yofiira m'mphepete, ndipo ndinkangoti ndalama zanga zalowa m'madzi. Nditatsegula chitseko chakumbuyo, ndinapeza kasiponji kotchinga kuwala katasungunuka ndi ukalamba, kakumata pachala ngati phula. Ndinakapala ndi kamtengo kotokosera m'mano, n'kupukuta ndi spiriti, kenako ndinakanikizira ulusi wakuda wolukira majuzi m'timipata ta chitsekocho. Mizere ija sinaonekenso. Ichi n'chimene ndimaikondera: ikadwala, matenda ake umawaona ndi maso.

Batire yake, ya LR44, imangoyendetsa kasingano koyezera kuwala. Palibe pozimitsira, choncho ukaiwala kuvindikira lenzi batire imadyeka. Ine ndinatha awiri ndisanazindikire. Koma ngakhale ithe, shutter (kachitseko kotseguka n'kutseka kuti kuwala kufike pa filimu) imagundabe kuyambira sekondi imodzi mpaka 1/1000 ya sekondi, poti mkatimo ndi masipuling'i ndi magiya okhaokha. Mnzanga ali ndi Canon AE-1, nayonso ya 1976. Zithunzi zake n'zokongola, kungoti iyo imadalira batire ya 6V kuti ijambule n'komwe.

Zenit-E ya malemu bambo anga ndi chitsulo chenicheni, yolemera ngati njerwa, yosafuna batire. Imalekezera pa 1/500, ndipo choyezera kuwala chake cha selenium chinafooka ndi zaka. Nikon FM2 ndinangobwerekako kamodzi. Imafika 1/4000, koma mtengo wake sindingaufike.

Kuno ku Lusaka chimene chimapha makamerawa ndi fumbi la mu Ogasiti ndi chinyezi cha dzinja. Lenzi yanga ina inamera chuku mkati, timizere ngati ukonde wa kangaude, chifukwa ndinaisiya m'chikwama chachikopa mvula yonse. Pano ndimasunga zonse m'kontena yotseka bwino, muli timapaketi ta silica tija timabwera m'mabokosi a nsapato.

Mukamagula, musaone kunyezimira kwa kunja kokha. Tsegulani kumbuyo, ikani shutter pa sekondi imodzi, dinani, mumvetsere. Ikamalira mosadukiza n'kutseka yokha, tengani. Ikamakakamira panjira, mafuta anauma, ndipo wogulitsayo atsitse mtengo kuti mukapeze yolipira okonza.